Mbiri ya Mawu Akuti Machira

Mtsikana wina wa m'Sitandade 5 ankakhala ndi makolo ake ku Bangwe, kufupi ndi Limbe. Chaka china, nthaŵi ya dzinja, agogo ake aakazi adabwera kuchokera kwawo ku Chikwawa kudzacheza. Atangokhala masiku oŵerengeka, agogowo adadwala malungo aakulu, kotero kuti sankatha ngakhale kuimirira okha. Atate a mtsikanayo adafuna galimoto, ndipo onse adaperekeza wodwalayo ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mu Blantyre, chimene anthu ambiri amachitcha Gulupu.

Atafika pakhomo pa chipatala, namwino wina adayang'ana agogowo, naitana kuti, "Bweretsani machira msanga!" Anthu aŵiri adabwera akukankha kabedi kachitsulo ka magudumu. Adaŵagonekapo agogo aja, naloŵa nawo m'kati. Mtsikana uja adayamba kulira, pakuti iye ankaganiza kuti munthu akakwera machira ndiye kuti sadzabwereranso kumudzi.

Patapita masiku anayi, agogowo adayamba kupeza bwino. Mtsikanayo adapita ndi amayi ake kukaŵazonda, ndipo adaŵauza za mantha ake onse. Agogowo adaseka pang'ono, nati, "Mdzukulu wanga, machira si chinthu choopsa ayi. Kodi sudziŵa kuti makolo ako ankavala machira?"

"Kuvala machira, agogo? Munthu angavale bwanji bedi lachitsulo?" adafunsa mtsikanayo modabwa.

"Agogo anga ankandiuza kuti atate awo adali mmisiri woomba machira," adatero agogowo. "Iwe wangoona mapeto ake a mawuŵa. Chiyambi chake sunachione."

Agogowo ankanena zoona. Mawu akuti machira akhala ndi matanthauzo atatu, lina pambuyo pa linzake, ndipo munthu akaŵatsata onse atatu amaphunzira zambiri za mbiri ya dziko la Malaŵi.

Zovala za anthu akale

Kalekale, nsalu za m'sitolo zisanafike m'dziko muno, anthu ambiri ankavala zikopa za nyama ndi chiwondo. Chiwondo, chimene ena amachitcha nyanda, chinkapangidwa ndi khungwa la mtengo monga mombo. Munthu ankasenda khungwalo, napala kunja kwake, naliviika m'madzi kuti lifeŵe. Kenaka ankaliyala pa chipika ndi kulisasantha ndi kamtengo kolemera mpaka litatambasuka ngati nsalu. Chiwondo chinkathandiza ndithu, koma sichinkachedwa kung'ambika, makamaka chikanyoŵa ndi mvula.

Koma kuchigwa cha Shire, kumene tsopano kuli maboma a Chikwawa ndi Nsanje, ndiponso m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi ku Mozambique, kudali chovala china choposa chiwondo. Kumeneko kumatentha kwambiri, ndipo thonje limakonda malo otentha. Amang'anja ndi anzawo a m'zigwazo ankalima thonje, napota ulusi, naomba nsalu yawoyawo. Nsalu imeneyo ndiyo inkatchedwa machira. Limeneli ndilo tanthauzo loyamba la mawuŵa.

Kaombedwe ka machira

Ntchito yoomba machira inkafuna munthu wodekha. Thonje likatoledwa kumunda, ankayamba achotsa njere zake zonse, nalisansa kuti likhale lofeŵa. Atatero ankalipota. Popota ankagwiritsa ntchito kamtengo koongoka, kokhala ndi kanthu kobulungira ngati gudumu cha kumapeto kwake. Kachipangizo kameneka kankatchedwa njinga. Wopota ankakazunguza ndi zala, thonje n'kumapotana mpaka kusanduka ulusi wautali.

Ulusi ukachuluka, woomba ankakhoma zikhomo pansi, pamthunzi wa mtengo, namangapo mitanda iŵiri, wina uku wina uko. Tsono ankayala ulusi wambiri m'litali, kuchokera pa mtanda wina kufika pa unzake. Kenaka ankapititsa ulusi wina mopingasa, pamwamba pa ulusi uwu ndi pansi pa uwo, naukanikiza ndi kathabwa kuti nsalu ikhale yothina. Nsaluyo inkakula pang'onopang'ono, ndipo pankapita masiku ambiri kuti imodzi yokha ithe. Pakati pa Amang'anja, amuna makamaka ndiwo ankapota ndi kuomba.

Machira sadali osalala ngati nsalu za masiku ano. Adali okhuthala ndi okhakhala, koma adali olimba zedi. Chifukwa cha kulimbako, mbiri yake idamveka kutali. Wansembe wina wachipwitikizi, dzina lake João dos Santos, amene adakhala ku Sofala nayendanso ku Sena ndi ku Tete, adalemba za machira m'buku lake limene lidasindikizidwa m'chaka cha 1609. Motero mawu ameneŵa adalembedwa papepala zaka zoposa 400 zapitazo. Apwitikizi ankagula machira kwa anthu a m'chigwa, napita nawo kumwera kwa Zambezi, ku dziko la Mwenemutapa, kukasinthanitsa ndi golide.

M'chaka cha 1859 David Livingstone adayenda mu mtsinje wa Shire. Iye adaona minda ya thonje m'midzi yambiri ya Amang'anja, ndipo adaonanso anthu akupota ndi kuomba. Anthuwo adamuuza kuti adali ndi thonje la mitundu iŵiri. Lina ankalitcha thonje manga, ndiye kuti thonje lochokera kunja, ndipo lina ankalitcha thonje kaja, limene lidali lawo lakale. Thonje kaja lidali lalifupi, koma ambiri ankalikonda chifukwa nsalu yake inkalimba koposa.

Kubwera kwa kaliko

Pamene Amang'anja ankaomba machira, nsalu zina zinkaloŵanso m'dziko muno kuchokera kutsidya la nyanja ya mchere. Imodzi mwa nsaluzo idali kaliko. Dzina limeneli lidachokera ku Calicut, mzinda wa kugombe la India umene tsopano umatchedwa Kozhikode. Kumeneko ndiko kudafika woyendetsa zombo wachipwitikizi, Vasco da Gama, m'chaka cha 1498. Anthu a ku Ulaya ataona nsalu ya thonje ya ku India adaipatsa dzina la mzindawo. Nsalu ina yoyera inkafika ku Zanzibar pa zombo za ku America, ndipo Aswahili adaitcha merikani. Apa zikuoneka kuti nsalu zambiri zimatenga dzina la kumene zachokera.

Amalonda achiyao, Aswahili ndi Apwitikizi ankabwera ndi nsalu zoterezi pamodzi ndi mikanda, nasinthanitsa ndi minyanga ya njovu. Chomvetsa chisoni n'chakuti ankagulanso nazo anthu. Amuna, akazi ndi ana ambiri adagulitsidwa ukapolo posinthanitsa ndi nsalu. Nkhondo zogwira akapolo zidapasula midzi yambiri ya Amang'anja, ndipo m'zaka za 1862 ndi 1863 kudagwa chilala ndi njala yoopsa kuchigwa cha Shire. Anthu ambiri adafa, ena adathaŵa, ndipo minda ya thonje idasanduka tchire.

M'chaka cha 1876 amishoni a ku Scotland adamanga mishoni m'dziko la mfumu Kapeni, naitcha Blantyre pokumbukira mudzi umene Livingstone adabadwira. M'chaka cha 1878 kudafika abale aŵiri, John ndi Frederick Moir, kudzayamba kampani yamalonda imene idadziŵika ndi dzina lakuti African Lakes. Anthu adapatsa John Moir dzina lakuti Mandala chifukwa cha magalasi amene ankavala m'maso, ndipo dzinalo lidagwira kampani yonse ndi malo ake omwe. Nyumba ya Mandala, imene idamangidwa m'chaka cha 1882, ikalipobe mu Blantyre mpaka lero.

Masiku amenewo ndalama zidali zisanafale. Munthu akagwira ntchito ku mishoni kapena ku Mandala, malipiro ake adali kaliko. Nsalu ankaiyesa ndi thupi la munthu. Kuchokera pa chigongono kufika kunsonga ya chala chapakati udali mkono. Munthu akatambasula manja onse aŵiri, kuchokera kunsonga ya dzanja lina kufika kunsonga ya linzake udali mkwamba. Ndi mikwamba ya kaliko imeneyi munthu ankatha kugula nkhuku, ufa kapena khasu, monga momwe anthu amagulira ndi kwacha masiku ano.

Kaliko wa nthaŵi imeneyo ankaombedwa ndi makina m'mafakitale aakulu, makamaka a ku Manchester ku England. Makina ankaomba tsiku limodzi nsalu imene mmisiri wa pamudzi sakadaitha ngakhale atagwira miyezi yambiri. Motero kaliko adali wotsika mtengo, wopepuka ndi wosavuta kumupeza. Anyamata sadafunenso kukhala pamthunzi masiku ambiri kuphunzira kuomba. Amisiri okalamba atamwalira, luso lawo lidapita nawo kumanda. Nsalu ya machira idasoŵa, koma dzina lake silidafe, pakuti lidali litapeza kale ntchito ina.

Machira onyamulira apaulendo

Apwitikizi olemera a ku Sena ndi ku Tete sankakonda kuyenda pansi. Iwo ankatenga nsalu yolimba, naimanga uku ndi uku pa mtengo wautali, kaŵirikaŵiri nsungwi yaikulu. Munthu ankagona m'nsalumo, ndipo amuna ankasenza mtengowo pamapeŵa, ena kutsogolo, ena kumbuyo. Pamwamba ankatchingapo kansalu kena kuti wonyamulidwayo asapse ndi dzuŵa. Chonyamulira chimenechi chinkatchedwanso machira. Akatswiri ena a zinenero amaphunzitsa kuti dzinali lidachoka pa nsalu yolimba ija n'kugwira chonyamulira chonse. Ena amaonjeza kuti ku India, kumene Apwitikizi ankachitanso malonda, kudali chonyamulira cha dzina lofanana nalo. Mulimonsemo, ku Zambezi ndi ku Shire nsalu ndi chonyamulira zidakhala ndi dzina limodzi. Limeneli ndilo tanthauzo lachiŵiri.

Azungu a ku Britain atafika kuno adatengera mayendedwe omwewo. Misewu yabwino kudalibe, ndipo akavalo ndi ng'ombe zokoka ngolo zinkafa m'madera ambiri chifukwa cha ntchentche zotchedwa kashembe. Sitima za pamadzi zochokera kunyanja ya mchere zinkakwera mtsinje wa Shire mpaka kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa. Kupitirira apo sizinkatha kuyenda chifukwa cha mathithi. Tsono katundu yense ankasenzedwa pamutu ndi amtengatenga, ndipo Azungu ankakwera machira kuchokera kuchigwako, kukwera mapiri mpaka ku Blantyre. Ena ankapitirira ndi machira omwewo mpaka ku Zomba, kumene kudali likulu la boma la atsamunda kuyambira m'chaka cha 1891.

Machira amodzi ankakhala ndi gulu la amuna khumi ndi aŵiri kapena kuposerapo. Onse sankasenza nthaŵi imodzi. Ena akasenza, anzawo ankathamanga m'mbali, ndipo osenzawo akatopa ankalandirana ulendo uli m'kati, osaima. Ankayenda mothamanga pang'ono, akuimba nyimbo zothandiza kuti mapazi awo aziponda pamodzi. Azungu ambiri adalemba za maulendo otere m'mabuku awo, kotero kuti mawuŵa adaloŵa ndi m'Chingerezi momwe. Iwo ankalemba kuti machila.

Kwa wokwera, ulendo wa pamachira udali wopumula. Kwa osenza idali ntchito yoŵaŵa. Mtengo unkakhula mapeŵa mpaka kutuluka matuza, miyala inkalasa mapazi opanda nsapato, ndipo malipiro adali ochepa. Taganizani za munthu wokwera phiri lochokera ku Chikwawa kudza ku Blantyre, dzuŵa liri pamutu, atasenza munthu mnzake wamoyo ndi wamphamvu zake! Amuna ameneŵa maina awo sadalembedwe m'mabuku, komatu mzinda wa Blantyre udakula ndi thukuta lawo.

M'chaka cha 1908 njanji yochokera ku Nsanje, kumene nthaŵi imeneyo kunkatchedwa Port Herald, idafika ku Blantyre. Tauni ya Limbe idakula chifukwa cha njanji yomweyo. Pambuyo pake misewu idakonzedwa, ndipo njinga ndi magalimoto zidayamba kuchuluka. Pang'ono ndi pang'ono machira onyamulira apaulendo adatha. Koma kachiŵirinso dzina lake lidapulumuka.

Machira a odwala

Anthu a m'midzi adaona kuti machira angathandize munthu amene akufunikadi kunyamulidwa. Wina akadwala kwambiri, kapena akalumidwa ndi njoka, abale ake ankamanga bulangete kapena nsalu pa mtengo, namusenza kupita naye kuchipatala. Kuchipatalako nakonso kudali zonyamulira odwala, za mitengo iŵiri ndi nsalu yolimba pakati, ndipo anthu adazitcha machira. Limeneli ndilo tanthauzo lachitatu, limene ana onse a masiku ano amalidziŵa.

Lero machira ambiri a m'zipatala ndi achitsulo, ena ali ndi magudumu, ndipo pena sipakhala nsalu ya thonje ngakhale pang'ono. Komabe dzina ndi lomwe lija. Pa bwalo la maseŵero la Kamuzu ku Chichiri, woseŵera mpira akavulala, anthu othandiza amathamangira m'bwalomo ndi machira. Mwa anthu zikwizikwi oonera mpirawo, ndi oŵerengeka okha amene amadziŵa kuti akutchula dzina la nsalu ya Amang'anja.

Tsono onani ulendo wa mawuŵa. Poyamba adali dzina la chovala chimene anthu ankadziombera okha. Kenaka adasanduka dzina la chinthu chimene anthu osauka ankanyamulira anthu olemera. Potsiriza adakhala dzina la chinthu chimene anthu amphamvu amanyamulira anzawo ofooka.

Mawu a mitundu ina amasinthanso

Si mawu akuti machira okha amene adasintha tanthauzo. Kumbukirani njinga, kachipangizo kopotera thonje kaja. Anthu ataona chokwera chatsopano cha magudumu aŵiri ozungulira, adachipatsa dzina la chinthu chozungulira chimene ankachidziŵa kale. Lero mwana akamva kuti njinga saganizanso za thonje.

Zoterezi zimachitika m'zinenero zonse. Ku England, m'zaka za pakati pa 1200 ndi 1400, kudali nsalu ina yotchedwa burel. Nsaluyo inkaombedwa ndi ubweya wa nkhosa. Idali yokhuthala ndi yokhakhala ngati machira, ndipo mtundu wake udali wodera. Popeza idali yotsika mtengo, ovala ake adali anthu osauka. Patapita nthaŵi, Angerezi adayamba kutchula dzina la nsaluyo ponena za anthu wamba osaphunzira, ngati kuti munthu ndi chovala chake n'chimodzimodzi.

Angerezi adatenga mawu akuti burel kwa anthu a ku France, ndipo ku France komweko mawuwo adayenda njira ina. Kumeneko katchulidwe kake kadasintha n'kukhala bureau. Alembi ankayala nsalu imeneyi patebulo pamene ankalemberapo ndi kuŵerengerapo ndalama. Posakhalitsa tebulolo lidatenga dzina la nsaluyo. Kenaka chipinda chokhalamo tebulolo chidatenganso dzina lomwelo, ndipo potsiriza lidakhala dzina la ofesi kapena bungwe lonse. Angerezi adabwerekanso mawuwo kachiŵiri ndi tanthauzo latsopanoli, ndipo kupyolera m'Chingerezi adafika mpaka kuno. Mu Blantyre muli bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1972 kuti liziona ngati katundu wogulitsidwa ali wabwino. M'misewu ya m'tauni mulinso zikwangwani za malo osinthira ndalama zakunja zolembedwa mawu omwewo. Motero dzina la nsalu ya anthu osauka a ku Ulaya liri pa makomo a maofesi, monga momwe dzina la nsalu ya Amang'anja liriri pa makomo a zipatala.

Mawu akale akadasoŵa onse pakadapanda anthu oŵasunga. Mawu ambiri a Chimang'anja adalembedwa m'buku lotanthauzira mawu limene David Clement Scott, m'busa wa ku mishoni ya Blantyre, adatulutsa m'chaka cha 1892. Iye sadaŵapeke mawuwo. Adachita kuŵamva kwa anthu a m'midzi amene ankaŵalankhula tsiku ndi tsiku. Ena ambiri adasungidwa m'mitu ya nkhalamba, zimene zidauza ana awo, anawo nauzanso adzukulu.

Agogo abwerera kwawo

Ntchito yoomba nsalu idabwereranso m'dziko muno m'njira yatsopano. M'chaka cha 1967 kampani ya David Whitehead and Sons idatsegula fakitale yoomba nsalu ndi makina mu Blantyre. Thonje lolimidwa kuchigwa cha Shire, ku Balaka ndi ku Salima lidayamba kusanduka zitenje ndi nsalu zosokera mayunifolomu a ana a sukulu. M'chaka cha 2003 fakitaleyo idagulitsidwa kwa kampani ya Mapeto. Alimi a ku Chikwawa ndi ku Nsanje akulimabe thonje m'chigwa chomwe chija chimene makolo awo ankaomberamo machira.

Agogo aja adachira, ndipo adatuluka m'chipatala akuyenda ndi miyendo yawo. Tsiku lobwerera kwawo, atate a mtsikana uja adaŵatengera ku sitolo ina ya nsalu mu Limbe kuti akaŵagulire chitenje. Wogulitsa adatenga choyesera chake cha mamita, koma agogowo adagwira nsonga ya nsaluyo, natambasula manja awo onse aŵiri.

"Uwu ndi mkwamba umodzi," adatero agogowo. "Mundipatse iŵiri, ikwane chirundu."

Wogulitsayo, amene adali mnyamata, sadamve chimene agogowo ankanena. Mtsikana uja ndiye adamumasulira, pakuti madzulo onse chitulukire agogo ake m'chipatala ankakhala pamphasa pambali pawo, kufunsa mawu akale ndi kuŵalemba m'kope mwake.

Pokwera basi, agogowo adamugwira dzanja mdzukulu wawo, nati, "Kopelo ulisunge bwino. Ine luso loomba sindidalipeze, ndidangopeza mawu okha. Ndakupatsa zimene ndidalandira."

"Ndidzalisunga, agogo," adayankha mtsikanayo. "Mukadzabweranso mudzandiuze ena."

Akuluakulu adati mawu a akulu akoma akagonera. Mawu amene anthu amalankhula tsiku ndi tsiku ali ngati nkhokwe yosungamo mbiri ya mtundu wawo. Mwana wofuna kudziŵa kumene anthu a kwawo adachokera ayenera kufunsa akuluakulu akali moyo, ndipo akamva mawu achilendo asachite manyazi kufunsa tanthauzo lake ndi chiyambi chake.

Matanthauzo a mawu

Chiwondo: chovala chopangidwa ndi khungwa la mtengo.
Kupota: kuzunguza thonje kuti lisanduke ulusi.
Kuomba nsalu: kulukanitsa ulusi wa m'litali ndi wopingasa kuti ukhale nsalu.
Kaliko: nsalu yopepuka ya thonje imene idatenga dzina la mzinda wa Calicut.
Mkwamba: muyeso wa manja aŵiri otambasula.
Chirundu: nsalu yaikulu imene amayi amavala kuyambira pachifuŵa.
Amtengatenga: anthu amene ankalembedwa ntchito yosenza katundu pa maulendo aatali.
Kashembe: ntchentche yoluma imene imapatsa ziŵeto ndi anthu matenda.
Mathithi: malo pamene madzi a mtsinje amagwa kapena kuthamanga pamiyala.

Mafunso

Yankhani mafunso aŵa m'ziganizo zomveka bwino.

1. N'chifukwa chiyani mtsikana wa m'nkhaniyi adalira pakhomo pa chipatala?
2. Tchulani matanthauzo atatu a mawu akuti machira, kuyambira lakale mpaka la masiku ano.
3. Kodi chiwondo chinkapangidwa bwanji?
4. Fotokozani ntchito zimene munthu ankachita kuyambira potola thonje mpaka nsalu itatha.
5. Kodi thonje manga lidasiyana bwanji ndi thonje kaja?
6. Dzina lakuti kaliko lidachokera kuti?
7. Perekani zifukwa ziŵiri zimene zidathetsa luso loomba machira.
8. N'chifukwa chiyani apaulendo ankatsika sitima kwa Katunga?
9. Kodi ntchito yosenza machira idali yotani? Nanga idatha chifukwa chiyani?
10. Mbiri ya mawu akuti burel ikufanana bwanji ndi mbiri ya mawu akuti machira?
11. Agogo adati, "Ndakupatsa zimene ndidalandira." Kodi ankatanthauza chiyani?

Ntchito

1. Lembani ziganizo zanuzanu pogwiritsa ntchito mawu aŵa: kupota, mkwamba, kusenza, kulandirana, okhakhala.
2. Mawu aŵa ali ndi matanthauzo oposa limodzi: mtengo, njinga, mkono, kuomba. Lembani ziganizo ziŵiri pa mawu aliwonse zoonetsa matanthauzo osiyana.
3. Yesani m'litali mwa chipinda chanu chophunziriramo ndi mikwamba, kenaka ndi mamita. Kodi mikwamba ya ana onse ikufanana? Kambiranani chifukwa chake amalonda amayesa nsalu ndi mamita.
4. Funsani agogo anu kapena munthu wina wachikulire maina asanu a nsalu kapena zovala zakale. Lembani mainawo ndi matanthauzo ake, ndipo mudzaŵerengere anzanu m'kalasi.
5. Jambulani chithunzi cha anthu osenza machira akukwera phiri kuchokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre.